KONZANI MASIPULING'I AKUTSOGOLO A GALIMOTO YANU MISIKA ISANATSEGULIDWE

Mvula ikamapita kumapeto, chimanga chitayamba kuuma m'munda ndipo fodya ali m'zigafa, mtima wa mlimi aliyense umakhala pa msika. Matumba mwagula, nkhokwe mwakonza, ziguduli zomangira mabelo nazo zilipo. Koma kodi galimoto imene idzanyamule mbewu zimenezi mwaiona kunsi kwake? Alipo ambiri mwa inu, makamaka a m'makalabu ndi eni minda yokulirapo, amene mukusungabe Land Rover yakale ija, ina yogula pa okushoni, ina yosiyiridwa ndi makolo. Galimoto imeneyi ndiyo imalowa kudimba kumene lole singafike, ndiyo imatuta matumba kuwafikitsa pa msewu waukulu, ndiyonso imathamangira kuchipatala usiku wina akadwala m'mudzi.

Chaka china mwezi wa Meyi ndinapeza galimoto yotere itaima m'mbali mwa msewu wafumbi, mphuno itagwera kumanja, matumba a mtedza atatsitsidwa pansi. Mwini wake anali atamanga sipuling'i yothyoka ndi mtengo ndi malegeni, akuyembekeza mnyamata amene anamtuma pa njinga kukafuna makaniko. Anagona pomwepo masiku awiri akulondera mtedza wake. Nditasuzumira pamene chitsulo chinathyokera ndinaona kuti theka la bala linali lakuda ndi dzimbiri, theka lokha ndilo linali loyera. Ndiye kuti mng'alu unayamba kale kwambiri, ndipo munthu akanagwada n'kuyang'ana mwezi wa Malichi akanauona.

Nkhani yathu lero ndi ya kusintha masipuling'i akutsogolo. Ndi ntchito imene inu ndi mnzanu mmodzi mungathe kuigwira pakhomo tsiku limodzi kapena awiri, malinga mukhale ndi zida zoyenera ndiponso mtima wodekha.

DZIWANI GALIMOTO YANU

Land Rover inayamba kupangidwa ku Solihull m'dziko la England m'chaka cha 1948. Mtundu wa Series II unatuluka mu 1958, Series IIA mu 1961, ndipo Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Ilipo yaifupi, imene amaitcha 88, ndi yaitali, imene amaitcha 109. Manambala amenewa ndi mainchesi a kutalika kwake kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa gudumu lakumbuyo. Zonsezi zimakhala pa masipuling'i a zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zimene zinabwera pambuyo pake, One Ten ya 1983 ndi Ninety ya 1984, zimene kuyambira 1990 zinatchedwa Defender, zili ndi masipuling'i ozungulira, ndipo zimene tilembe panozi sizikukhudza izo.

Gwadani kutsogolo kwa galimoto yanu muone. Sipuling'i iliyonse ili ndi maso awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Diso lakutsogolo lamangidwa ndi bawuti kunyanga ya chasisi, kuseri kwa bampala, ndipo silisuntha. Diso lakumbuyo lalendewera pa tizitsulo tiwiri timene amakaniko amati shackle. Gudumu likagunda bampu sipuling'i imawongoka n'kutalika pang'ono, ndiye tizitsulo timeneti timapendekera kumbuyo kuipatsa malo. M'diso lililonse, ndiponso m'chasisi momwe mwadutsa bawuti yapamwamba ya shackle, muli bushi: timapaipi tiwiri tachitsulo, kena m'kati mwa kanzake, pakati pake atathirapo mphira. Ekiselo yakhala pamwamba pa sipuling'i, ndipo ma U-bolt awiri mbali iliyonse aikumbatira n'kuimangirira ku mbale yachitsulo ya pansi. Pambale yomweyo ndi pamene pagwira mwendo wa shock absorber.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene anthu ambiri sakalabadira. Zitsulo zonse za sipuling'i zamangidwa pamodzi ndi bawuti yapakati, ndipo mutu wa bawuti imeneyi umalowa m'kabowo ka pansi pa ekiselo. Pa galimoto imeneyi palibe chitsulo china chogwira ekiselo kuti isapite kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali. Masipuling'i omwewo ndiwo asenza katundu, ndiwonso agwira ekiselo pamalo pake pamene mukuponda mabuleki ndi pokhota. Nchifukwa chake sipuling'i yakutsogolo ikathyoka chiwongolero nacho chimasokonezeka, ndipo galimoto ingathe kukusiyani m'ngalande.

Inu amene muli ndi Toyota Land Cruiser yakale ya mtundu wa 40, imene inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984, ntchito yake ndi yofanana ndithu. Kusiyana kwake nkwakuti shackle yake ili kutsogolo kwa sipuling'i, ndipo mabawuti ake ndi a mamilimita.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Imikani galimoto pamalo osalala, yopanda katundu, matayala atapopedwa mofanana. Pitani patali pang'ono muiyang'ane chakutsogolo. Ngati yapendekera mbali imodzi, yesani ndi tepi kuchokera pansi kufika kunyanga za chasisi mbali zonse ziwiri. Musayese pa madigadi kapena pa bampala, chifukwa zimenezi pa galimoto yakale zimakhala zopindika kale.

Kenaka yang'anani mpata wa pakati pa ekiselo ndi kampira kamene kali pansi pa chasisi koletsa ziwirizi kugundana. Ngati mpatawo watsala wa zala ziwiri zokha, kapena pamwamba pa ekiselo pali malo onyezimira pamene kampirako kamamenya kawirikawiri, masipuling'i atopa. Sipuling'i yabwino imakhala yokhota ngati uta. Yotopa imagona chagada, ndipo ina imafika popindikira kumwamba. Onaninso shackle: ikakhala itapendekera kumbuyo kwambiri galimoto ilibe katundu, ndiye kuti ilibenso malo opita pamene mwasenza matumba.

Tsukani matope ndi burashi ya waya, muone chitsulo chimodzi chimodzi. Ming'alu imakonda kuyamba pafupi ndi diso ndiponso m'mbali mwa ma U-bolt. Dzimbiri likalowa pakati pa zitsulo limatupa n'kuzikankha, kotero kuti nsonga zake zimayasama. Zitsulo zotere sizitsetserekanso pa zinzake, ndipo galimoto imauma ngati ngolo ya ng'ombe. Mphira wa mabushi akatuluka m'mbali ngati nsanza, kapena mukamva kugogoda pamene mukunyamuka ndi poima, mabushiwo atha. Ndipo ngati woyenda pambuyo panu akuuzani kuti galimoto ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, imani pomwepo. Kawirikawiri ndiye kuti bawuti yapakati yadukamo ndipo ekiselo yasuntha.

YAMBANI MWAGOGODA CHASISI

Musanawononge ndalama zanu kugula kanthu, tengani hamala yaing'ono mugogode nyanga za chasisi ndi malo onse pamene pagwira masipuling'i. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, ndipo limanyenga maso. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chasisi ndi chachitsulo, chopangidwa ngati bokosi, ndipo matope a dzinja amalowa m'kati n'kukhala momwemo achinyezi chaka ndi chaka. Feteleza wotayika m'galimoto amafulumizanso dzimbiri. Chitsulo chabwino chimalira mokweza mukachimenya. Chodyeka chimalira mogontha, mwinanso hamala imaboola. Mukapeza zotere pitani kaye kwa wowotcherera wodziwa ntchito yake akaikepo nyanga zatsopano, ndipo ayese bwino kuti mabowo a mbali ziwirizo alunjikane. Sipuling'i yatsopano imakoka mwamphamvu kuposa yakale, ndipo pachitsulo chodyeka idzang'amba.

POGULA

Gulani ziwiri, ngakhale yathyoka ndi imodzi. Yatsopano mbali ino ndi yakale mbali inayo zimapendeketsa galimoto, ndipo yakaleyo sichedwa kutsatira inzake.

Werengani zitsulo za sipuling'i yanu musananyamuke. Galimoto yaifupi ya petulo inatuluka ndi zitsulo 9 kutsogolo. Yaifupi ya dizilo ndi yaitali zili ndi zitsulo 11, popeza ndi zolemerapo. Ngati munachotsa injini yakale n'kuikamo ya dizilo yolemera, monga achitira ambiri, muuzeni wogulitsa zimenezo.

Chimene ambiri sadziwa ndi ichi: masipuling'i awiri akutsogolo a mtundu wakalewu si ofanana. Ya mbali ya dalaivala ndi yokhota kwambiri kuposa inzake, chifukwa mbali imeneyo ndiyo imasenza dalaivala masiku onse, ndiponso pa magalimoto ambiri thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wake. Kuno kwathu dalaivala amakhala kumanja. Ikani masipuling'i awiriwo pansi moyandikana, maso ali pansi msana uli kumwamba: imene yatalika ndiyo ya kumanja. Ilembeni ndi choko nthawi yomweyo. Mukazisinthanitsa, galimoto idzapendekera kumanja kuposa kale, ndipo ntchito yonse mudzaibwereza.

Pamodzi ndi masipuling'i gulani ma U-bolt atsopano anayi ndi manati ake. Akale anatamuka kale pomangidwa, mazinga ake adyeka, ndipo sagwiranso. Mudzaona kuti imodzi mwa inayiyo ndi yaitali kuposa zinzake. Imeneyo malo ake ndi kumanja, pafupi ndi difu, pamene ekiselo yanenepa. Gulaninso mabawuti a m'maso, mabushi awiri a m'chasisi, timphira ta shock absorber ndi ma split pin atsopano. Bawuti wamba ya m'sitolo ya zomangira nyumba isalowe m'diso la sipuling'i. Ndi yofewa, idzapindika. Ma shock absorber nawo ayeseni: ngati akudontha mafuta, kapena mukawakoka ndi manja akubwera mosavuta, asintheni, chifukwa shock absorber yakufa imasiya sipuling'i ikudumphadumpha mpaka kuthyoka.

Tikudziwa kuti ndalama nthawi ino ya chaka zimavuta, mbewu zisanagulitsidwe, ndipo ena mudzafuna masipuling'i ogwirapo kale ntchito. Palibe choletsa, koma pitani ndi tepi ndi burashi. Tengani awiri ochokera pa galimoto imodzi. Kanani iliyonse imene ili ndi chipsera cha moto kapena yowotcherera. Chitsulo cha sipuling'i chimaumitsidwa ndi moto woyesedwa bwino ku fakitale, ndipo mukachiwotcherera chimafewa pena n'kuuma mopitirira pena, ndiye chimathyoka pambali penipeni pa chowotchereracho. Chimodzimodzinso kuika sipuling'i pamakala kuti muipinde ibwerere mwakale: galimoto idzakwera sabata ziwiri, kenaka idzagona kuposa poyamba.

Ena amawonjezera zitsulo ziwiri kapena zitatu kuti galimoto izinyamula zambiri. Ine zimenezi sindigwirizana nazo, makamaka kutsogolo. Katundu wanu amakhala kumbuyo. Sipuling'i yakutsogolo ikauma kwambiri, nkhonya zonse za msewu zimapita ku chasisi ndi ku zitsulo za chiwongolero, ndipo mmalo mosintha sipuling'i mudzakhala mukuwotcherera chasisi.

NANGA ZA MTUNDU WATSOPANO?

Masiku ano kuli masipuling'i ena otchedwa parabolic. Kutsogolo amakhala ndi zitsulo ziwiri zokha, zonenepa pakati, zopyapyala kumapeto, ndipo zimakhudzana pakati ndi kunsonga basi. Popeza sizikhuzana thupi lonse, dzimbiri silizimanga pamodzi, ndipo galimoto imayenda mofewa, msana wa dalaivala n'kupumako. Zimalowa m'malo omwewo popanda kudula kapena kuwotcherera. Koma zili ndi zofuna zake. Zimafuna ma shock absorber otalikirapo ndi amphamvu opangidwira zomwezo, ndi ma U-bolt aafupi popeza mulu wa zitsulo wachepa. Muyeneranso kuona ngati mapaipi amphira a mabuleki akufika pamene ekiselo yalendewera pansi penipeni. Galimoto imapendekeranso kwambiri pokhota ikakhala ndi katundu padenga. Ndipo taganizani izi: mwa zitsulo 11, chimodzi chapansi chikathyoka mungathe kufika kunyumba pang'onopang'ono, ndipo china chake mungachipeze pa galaja ya pa boma. Mwa ziwiri, chimodzi chikathyoka theka lapita. Kwa mlimi wa kutali ndi tauni, amene galimoto yake ntchito yake ndi matumba, ndinganene kuti mtundu wakale womwewo ngwabwino. Amene amayenda maulendo ataliatali wopanda katundu wambiri adzakondwera ndi parabolic.

Alipo achinyamata ena amene angakuuzeni kuti muchotse zonse muikepo ekiselo ya Defender ndi masipuling'i ozungulira. Zimatheka, koma dziwani kuti sipuling'i yozungulira imangosenza katundu, siigwira ekiselo. Pafunika mikono iwiri yaitali yogwira ekiselo kuti isapite kutsogolo kapena kumbuyo, chitsulo china chopingasa choigwira kuti isapite m'mbali, ndi mipando ya masipuling'iwo, zonsezi zowotcherera pa chasisi chimene sichinapangidwire zimenezo. Ekiselo ya Defender ndi yotambalalanso kuposa yanu, ndipo chiwongolero ndi mabuleki ziyenera kusinthidwa. Imeneyi si ntchito ya pansi pa mtengo wa mango, ndipo galimoto yosinthidwa chotere ingakuvuteni pokatenga COF. Ndalama zake mungagulire matayala anayi n'kutsalako za feteleza.

KUKONZEKERA

Kutatsala masiku atatu kapena anayi, tsukani manati onse ndi burashi ya waya ndipo muziwathira mafuta omasulira dzimbiri m'mawa ndi madzulo. Ngati mulibe, dizilo kapena palafini amathandiza. Kuona maso a nkhono nkudekha; masiku atatu amenewa adzakupulumutsani ku thukuta la tsiku lonse.

Mabawuti a Land Rover yakale ndi a mainchesi, ena a mtundu wa Whitworth. Sipanala ya mamilimita ingaoneke ngati yalowa, koma idzadya makona a nati, ndipo pamenepo mwadziputira mavuto. Bwerekani masipanala oyenera. Mufunikanso jeke yabwino, paipi yaitali yowonjezera pa sipanala, hamala yaikulu, sowo yodulira zitsulo ndi mipeni yake ingapo, pulayala, girisi, ndi zochirikizira galimoto.

Pa zochirikizira pano mvetsetsani. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yakhala pa jeke yokha. Musachirikize ndi njerwa kapena mabuloko a simenti, chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Ngati mulibe miyendo yachitsulo ya ku galaja, dulani zipika zonenepa za mtengo wolimba, zosalala mbali zonse ziwiri. Malo akhale osalala ndi ouma, osati pamchenga. Kumbukiraninso kuti handibuleki ya Land Rover siigwira magudumu, imagwira shafiti kuseri kwa giyabokosi, motero galimoto imatha kugwedezeka ngakhale mwaikoka. Ikani miyala yaikulu kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa magudumu onse awiri akumbuyo. Ana akhale kutali.

KUCHOTSA YAKALE

Gwirani mbali imodzi, muimalize, kenaka inayo. Mukatero ekiselo imakhala yogwidwabe mbali ina, ndipo mukaiwala mmene kanthu kanakhalira mungathe kukasuzumira.

Masulani pang'ono manati a gudumu galimoto ikadali pansi. Kwezani ndi jeke pansi pa ekiselo, ikani chochirikizira pansi pa chasisi kumbuyo kwa shackle, chotsani gudumu, ndipo tsitsani jeke pang'onopang'ono mpaka chasisi chitakhala pa chochirikiziracho ndipo sipuling'i yalendewera yopanda kulemedwa. Potsitsa, diso lanu likhale pa paipi yamphira ya mabuleki. Isakokeke ngati chingwe. Jeke isachoke pansi pa ekiselo, ndipo ikhale pamalo poti siikutsekerezani kufika pa ma U-bolt.

Chotsani split pin ndi washa kumwendo kwa shock absorber, muikankhire pambali. Masulani manati anayi a ma U-bolt mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko. Mukaona mbale yapansi ikukankhidwa mwamphamvu, ndiye kuti sipuling'i ikadali yolemedwa. Imani, konzani jeke. Manati akakana, dulani ma U-bolt ndi sowo, popeza muli nawo atsopano. Kenaka kwezani ekiselo pang'ono kuti mutu wa bawuti yapakati utuluke m'kabowo kake.

Tsopano mabawuti a shackle. Apa ndi pamene anthu ambiri amawononga. Kachitsulo kamodzi mwa tiwiri tija kali ndi mazinga, ndipo bawuti inapotedwa kulowa m'menemo, nati n'kubwera pamwamba pongotsekera. Choncho mukachotsa nati musayambe kumenya ndi hamala. Potani bawutiyo ndi sipanala mpaka ituluke m'mazinga, pamenepo ndiye muigogode. Yambani ndi diso lakumbuyo, mnzanu agwirire sipuling'i chifukwa ndi yolemera, muitsitse pansi, kenaka chotsani bawuti yakutsogolo.

Nthawi zambiri bawuti imakhala itamatirira ku kapaipi ka m'kati mwa bushi chifukwa cha dzimbiri. Mukaipota imabwerera yokha ngati mphira, mukaimenya hamala imadumpha. Musataye nthawi. Lowetsani mpeni wa sowo pakati pa diso la sipuling'i ndi chitsulo cha m'mbali mwake, mudule bawutiyo mbali zonse ziwiri.

Chotsala ndi bushi ya m'chasisi, ndipo imeneyi ndiyo imayesa mtima wa munthu. Amakaniko ena amaotcha mphira wake ndi moto. Ngati mutero, kumbukirani kuti thanki ya mafuta ndi mapaipi ake zili pafupi, makamaka kumanja. Ndi bwino kupewa moto. Boolani mphirayo mozungulira ndi chobowolera mpaka kapaipi kam'kati katuluke. Kenaka masulani mpeni wa sowo, muupise m'bowomo, muumangenso, ndipo dulani kapaipi kakunja m'litali mwake mosamala, osafika pa chasisi. Mukakadula kamafooka, ndipo kamatuluka ndi tchizulo. Tsukani bowolo, pakanimo girisi pang'ono. Bushi yatsopano musaikhome ndi hamala, idzafutukuka kukamwa n'kukanirira panjira. Ikokereni m'kati ndi bawuti yaitali, mawasha onenepa ndi nati, ndipo washa azikankha kapaipi kakunja, osati kam'kati.

KUIKA YATSOPANO

Iikeni pambali pa yakale muyerekeze kutalika kwake, kuchokera pa bawuti yapakati kufika ku diso lililonse. Yang'anani chitsulo chachiwiri: kumene chakulunga diso mokwanira ndiko kumapita kutsogolo, ku nyanga ya chasisi. Anachipanga dala chotero kuti chitsulo chachikulu chikathyoka, chachiwiricho chigwirebe ekiselo.

Pakani girisi pathupi la mabawuti kuti amene adzamasule zaka zikubwerazi asadzavutike monga mwavutikira inu. Kwezani diso lakutsogolo, pisani bawuti, ikani nati koma musamange. Kwezani lakumbuyo, ikani tizitsulo ta shackle monga tinakhalira, ndipo apanso musamange. Tsitsani ekiselo pang'onopang'ono mpaka mutu wa bawuti yapakati ulowe m'kabowo kake. Kawirikawiri siulunjika nthawi yoyamba. Kankhani ekiselo ndi mtengo, kapena ikokeni ndi chingwe, mpaka mumve kuti yakhala. Zala zanu zisalowe pakati pa ekiselo ndi sipuling'i. Onetsetsani ndi maso kuti mutuwo walowadi, chifukwa mukamanga uli pambali mudzauphwanya.

Ikani ma U-bolt ndi mbale yapansi, ndipo mangani manati anayiwo mopingasa, pang'onopang'ono, kuti mbale ikhale yowongoka. Amenewa amangeni ndithu. Bwezerani shock absorber ndi timphira tatsopano. Timphirati timakhala tonenepa moti kabowo ka split pin kamabisika. Tifinyeni ndi kapaipi kakafupi kapena ndi chopanira mpaka kaoneke. Msomali usalowe m'malo mwa split pin. Bwezerani gudumu, tsitsani galimoto, ndipo chitani chimodzimodzi mbali inayo.

Tsono chifukwa chake tinati musamange mabawuti a m'maso ndi ichi. Bushi siizungulira pa bawuti. Mukamanga, kapaipi kam'kati kamagwidwa zolimba, ndipo sipuling'i ikamayenda ndi mphira amene amapotoka. Mukamanga galimoto ili m'mwamba, ndiye kuti poitsitsa mphirayo wapotoka kale isanayende n'komwe, ndipo pa bampu loyamba amapotoka mopitirira muyeso. Mabushi otere amang'ambika nyengo imodzi isanathe, ndipo galimoto imakhala yopendekera ngakhale masipuling'i ndi atsopano. Choncho tsitsani galimoto, igwedezeni, iyendetseni pang'onopang'ono pabwalo kupita ndi kubwera, muikemo katundu amene imanyamula masiku onse ndi munthu pa mpando wa dalaivala, ndipo pamenepo ndiye mumange: poyamba bawuti, kenaka nati yake. Amene muli ndi buku la galimotoyi mudzapezamo muyeso wa mpata wa pakati pa ekiselo ndi chasisi pomanga, ndi mphamvu yomangira nati iliyonse. Tsatirani zimenezo.

MUKAMALIZA

Pondani mabuleki musanatuluke pa msewu, ndipo onani ngati paipi iliyonse ili bwino, yosakhuza tayala mukakhotetsa chiwongolero mbali zonse. Popeza mphuno yakwera, chiwongolero chingakhale chitapendekera pang'ono poyenda molunjika, ndipo nyali zingamaunike m'mwamba n'kuthobwa anzanu m'maso, zikonzeni. Mukadali pomwepo gwedezani mfundo za zitsulo za chiwongolero, onani mafuta m'mipira yonyezimira ya kumapeto kwa ekiselo, ndipo yesani magudumu akutsogolo: ayenera kuyandikana kutsogolo kwake kuposa kumbuyo ndi mamilimita 1.2 mpaka 2.4.

Mukapita ku msika ulendo umodzi kapena iwiri, gwadaninso ndi sipanala. Zitsulo zatsopano zimakhazikika, utoto wa pakati pake umaphwanyika, ndipo ma U-bolt amakhwepa. Akakhwepa ndi pamene bawuti yapakati imaduka. Amangeninso, ndipo muzitero mwezi uliwonse nyengo yonse ya msika.

Za katundu nazo tinene. Opanga anailola galimoto yaifupi kunyamula makilogalamu pafupifupi 450 kuwonjezera pa anthu atatu akutsogolo, ndipo yaitali pafupifupi 900. Amenewo ndi matumba 9 ndi matumba 18 a makilogalamu 50, pa msewu wabwino; pa njira ya kumunda chepetsani. Achikulire amene anazolowera kuwerenga matumba akale aja a mapaundi 200 akumbukire kuti limodzi la amenewo ndi pafupifupi awiri a lero. Matumba a pa boneti, pa bampala ndi kutsogolo kwa denga onse amagwera pa masipuling'i akutsogolo. Chinanso chimene chimawathyola ndi kulowa m'dzenje phazi lili pa buleki, chifukwa pamenepo kulemera konse kwathamangira kutsogolo ndipo sipuling'i yapotoka kale. Chepetsani liwiro mukadali patali, ndipo chotsani phazi gudumu lisanagwere. Mukabwera kumatope tsukani masipuling'i ndi madzi. Mungapake oyilo wakale pang'ono m'mbali mwa zitsulo ndi burashi, koma asafike pa mabushi, popeza oyilo amadya mphira.

Masipuling'i akale aja musawataye kudzala. Sungani zitsulo ziwiri zabwino ndi bawuti yapakati kuseri kwa mpando, pamodzi ndi U-bolt imodzi ndi manati ake. Zotsalazo pitani nazo kwa wosula wa m'mudzi mwanu. Chitsulo cha sipuling'i ndicho amachifuna kwambiri posula nkhwangwa, sompho ndi zikwanje, ndipo mukapangana naye bwino, pa sipuling'i imodzi ya zitsulo 11 mudzabwerako ndi nkhwangwa yanu osalipira kanthu.